Mwala wa Amayi Aang'ono

Linali Lachisanu, pa 7 Ogasiti 1998, nthawi itangopitirira seveni koloko m'mawa. Ndikaganiza za tsiku limenelo, choyamba kundibwerera si foni imene inalira koma sikelo ya kubafa. Inali ikadali pakhomo la chipinda changa, pamene tinaisiya Lachitatu titayeza sutikesi ya amayi aang'ono. Pambali pake panali zinthu zimene zinatsitsidwa katundu atalemera: sopo, bulangeti lofiira, ndi nsapato zakale za bambo. Ndinkadya buledi choimirira, phazi limodzi lili pasikelopo, ndikuyang'ana muvi wake ukunjenjemera.

Tinkakhala ku Mississauga, m'nyumba yosanja, m'mwamba ndithu, pansi pa njira ya ndege. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ku Canada ndinali nditakhalako zaka ziwiri zokha. Amene anaimba foni anali malume, amene ankagwira ntchito pachipatala ku Hamilton. Amayi anamvetsera pang'ono, kenako anandiuza kuti ndiyatse TV.

Panali utsi. Panali basi yopserera pakati pa msewu, anthu ovala malaya a kuofesi atanyowa magazi, ndi mapepala ambirimbiri akuuluka pang'onopang'ono ngati sakufuna kutera. Pansi pa chithunzi analemba kuti bomba laphulika ku Nairobi. Ndege ya amayi aang'ono inkayenera kuima kumeneko asanakwere ina yopita ku Lilongwe.

"Iye ali kubwalo la ndege," anatero amayi. "Bwalo lili kutali ndi tauni." Ananena kawiri, akumanga zingwe za nsapato, kenako anapita kuntchito.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene sindinachilembepo, ndipo ndikuchilemba lero chifukwa amayi ndi bambo onse anatisiya. Amayi aang'ono ndi amene anandibereka. Kwathu ku Ntcheu sichinali chinsinsi. Anandibereka akadali pasukulu, ndipo akulu awo, amene analibe mwana, ananditenga nditangosiya kuyamwa. Ndinakula ndikuitana onse awiri kuti amayi, monga amachitira mwana aliyense kwathu. Ena ndinkagona m'nyumba mwawo, ena ankabwera pa holide atanyamula masikono.

Vuto linabwera ndi mapepala. Amayi aang'ono ndi amene anayamba kufika ku Canada, pa ntchito yosamalira gogo wina wachizungu ku North York. Pa fomu yawo analemba kuti alibe mwana, atalangizidwa kuti wa mwana sachedwa kukanidwa. Patatha chaka bambo anapeza malo ophunzira, ndipo pa fomu yawo analemba kuti ndine mwana wawo wobereka, chifukwa panalibe mzere wolembapo mwana wa mlamu. Chaka cha bomba chija, mapepala athu okhazikika anali asanatuluke. Zonse zinali m'manja mwa ofesi imene sitinaionepo. Envulopu ya bulauni ikafika, m'nyumba munkati zii mpaka bambo ataitsegula.

Choncho anandiphunzitsa mawu atsopano. M'nyumba anali amayi aang'ono. Kunja kwa chitseko, mu lifiti, kusukulu, kutchalitchi, anali anti. Ngakhale pakati pa Amalawi anzathu anali anti, chifukwa amayi ankati pakamwa pa munthu palibe chitseko.

Loweruka ndilo linali tsiku lawo lopuma. Ankafika cha m'ma teni, akununkhira mafuta amene ankapaka gogo uja, n'kunditenga kupita kunyanja. Tinkakwera basi yotsetsereka mpaka kumene msewu umathera pamadzi. Pamenepo pali paki ya mitengo ikuluikulu, ndi miyala imene anaiunjika kuti mafunde asadye gombe. Ankavula nsapato ngakhale kukuzizira. Ankati nyanja iyi ndi yaulesi, ilibe ukonde, ilibe wochapa, imangogona tsiku lonse ngati bwana. Kukayera tinkaona nsanja yaitali ya ku Toronto ili patali ngati singano yobayidwa mu nkhungu. Ankandiwenga zikhadabo titakhala pamwala, akundifunsa za kusukulu osadikira yankho. Ndikaiwala mubasi n'kunena kuti amayi, ankanditsina pantchafu akuseka.

"Pano ndine anti, bwana."

Sindikumbuka kuti zinkandiwawa. Zinali ngati masewera a anthu awiri amene akudziwa chinthu chimene basi yonse sikuchidziwa. Kuwawa kwake ndakumva nditakula.

Ku Lilongwe anthu anakadikira ndege ziwiri. Inafika sutikesi yokha. Loweruka ndi Lamlungu foni sinapume, ndipo amayi ankagona pampando pafupi nayo. Tinamva Lachiwiri masana. Mnzawo wa malume amene ankakhala ku Nairobi anayenda m'zipatala mpaka anawapeza, pasipoti ili m'kachikwama kamene ankamanga m'chiuno. Ndege yawo inali ya madzulo, ndiye anaona kuti nthawi ilipo yokalowa mutauni kukagulira agogo anga a ku Ntcheu nsalu.

Malume ananyamuka kukatenga thupi ndi kupita nalo ku Ntcheu. Ife sitinapite. Loya anauza bambo kuti tikatuluka m'dziko mapepala asanabwere, mwina sitidzalowanso. Amayi ankalirira kubafa atatsegula mpopi, kuti a nyumba yoyandikana asadandaule. Anthu anabwera, Amalawi ndi anzathu a ku Chipata, anakhala pakapeti akuimba motsitsa mawu. Aliyense potuluka ankandisisita pamutu. "Pepa, wataya anti ako." Ine ndinkati zikomo.

Masabata otsatira ndimawakumbuka ngati mmene munthu amakumbukirira masiku amene anadwala malungo. Kunkatentha kwambiri, ndipo phula la pamalo oimika magalimoto linkaoneka ngati madzi. Ndinkakhala pakhonde la m'mwamba ndikuyang'ana ndege zikutsika, ina pambuyo pa inzake, mimba zawo zikunyezimira. Popeza sindinaone bokosi kapena dothi, mumtima mwanga amayi aang'ono anali akadali paulendo. Anali penapake pakati pa mitambo, atavula nsapato, akudikira kuitanidwa. Nthawi zina masana ndinkasinza, n'kulota mapepala a pa TV aja akugwera m'nyanja yathu. Ndinkalowa m'madzi kukawatola, ndipo onse anali osalembedwa kanthu.

Sukulu itatsegulira mu Seputembala, amayi analembera aphunzitsi kalata yachidule. Aphunzitsiwo anali mayi wamtali wa imvi, wokoma mtima. Anandiimitsa pa nthawi yopuma n'kundifunsa ngati ine ndi anti tinkagwirizana kwambiri. Ndinati ankabwera Loweruka. Anati nawonso anali ndi anti amene ankawakonda, ndipo anandipatsa chokoleti. M'kalasi momwemo munali mtsikana amene amayi ake anamwalira ndi khansa mwezi womwewo. Iye tinamupangira khadi lalikulu, aliyense analembapo dzina, ndipo ankaloledwa kutuluka panja nthawi iliyonse popanda kupempha. Inenso ndinalembapo dzina langa. Sindinamuchitire nsanje. Ndinkangomuyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu amene walowa pakhomo limene iwe wauzidwa kuti udikire panja.

Nkhani ya mwala inabwera ndi mayi wina wa ku Kenya wa kutchalitchi kwathu, amene mwamuna wake anafera pa bomba lomwelo atapita kukaona makolo. Mabanja a kuno amene anataya abale awo anagwirizana kupempha khonsolo malo m'mphepete mwa nyanja, poti manda onse anali kutali. Anawalola kuika mwala waukulu, ndi chitsulo chachikasu cholembapo mayina. Malo ake anali paki yomwe ija, chifukwa ndi imene inali pafupi ndi tchalitchi. Banja lililonse linalandira fomu: dzina, chaka chobadwa, ndi mzere umodzi wonena kuti munthuyo anali ndani kwa otsala.

Mzere umenewo ndi umene unabweretsa malume kuchokera ku Hamilton Lamlungu lina masana. Anakhala patebulo osavula jekete. Fomu inali pakati, cholembera pamwamba pake. Ine sanandithamangitse.

"Palembedwe kuti mayi wa uyu," anatero malume. "Ndi dzina lonse la mwanayu."

"Achimwene, mwala uja ukhala pa paki," anatero amayi. "Awerenga aliyense. Abwera a khonsolo, abwera a nyuzipepala."

"Ndiye a imigireshoni masiku ano akuyenda m'mapaki kuwerenga miyala? Ntchito yawathera?"

"Inu mapepala muli nawo. Mukhoza kuseka."

"Sindikuseka, mlongo. Ine ndamuika m'manda m'bale wathuyo. Kumanda anafunsa kuti mwana wake ali kuti, adzaponye dothi. Ndinati ali kusukulu. Mu Ogasiti. Anthu anangondiyang'ana."

Bambo anadzuka, anati iyi ndi nkhani ya kuchikazi, iwo sangailowerere. Anapita kukhitchini kukatsuka makapu amene anali otsuka kale.

"Akatidipota n'kutibweza kwathu, mwalawo ukwera nafe ndege?" anafunsa amayi. "Mwanayu akayambire folomu wani ku Ntcheu chifukwa cha mzere umodzi? Mwini wakeyo akanavomera zimenezo? Si iye yemwe ankamutsina mubasi?"

"Tinamubisa mwanayu mayi wake ali moyo. Timubisenso atafa?"

Kenako malume anatembenukira kwa ine.

"Iwe ndiwe mwini maliro. Ukuti chiyani?"

Ndinayang'ana dzanja la amayi, limene linali litagona pafomu ngati likuiteteza ku mphepo. Ndinaganiza za envulopu ya bulauni. Ndinati, "Zimene anene amayi."

Malume anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi ake ati?"

Amayi anatenga cholembera n'kulemba m'Chingerezi, m'zilembo zikuluzikulu, kuti mlongo ndi anti wokondedwa. Malume anakana tiyi. Anati akufuna kupeza sitima ya folo koloko.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu chifukwa cha yankho limenelo. Lero ndili ndi mwana wa msinkhu womwewo, ndipo ndikamuona akulimbana ndi zingwe za nsapato, ndimadziwa kuti funso lija silinali lofunsa mwana. Koma malume analibe wina womufunsa.

Kenako kunayamba kuzizira. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inasanduka yachikasu ndi yofiira, ndipo m'mawa mpweya wa m'kamwa unkaoneka. Loweruka linakhala tsiku lalitali. Ndinkadzuka, kuvala, n'kukhala pabedi mpaka teni koloko itadutsa. Loweruka lina amayi anaima pakhomo atavala kale chikhoti, ali ndi matikiti awiri a basi m'manja.

"Tipite kunyanja?"

Ndinati ndili ndi homuweki. Anaimabe pang'ono, kenako anavula chikhoticho n'kukachipachika. Anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti apeze tsiku limenelo. Zimenezi ndinazimva patapita zaka, kwa bambo.

Mwala anautsegulira Loweruka lina chakumapeto kwa Okutobala, masana. Kunali nkhungu, moti madzi ndi thambo zinali chinthu chimodzi, ndipo atsekwe ankalira penapake osaoneka. Anayala mipando yopinda paudzu. Mwalawo unali wotuwa, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, wophimbidwa ndi nsalu za ku Kenya. Kunali bambo wina wa khonsolo wovala tayi, ndi mtsikana wa nyuzipepala wokoleka kamera m'khosi. Ndinakhala pakati, amayi kumanzere, malume kumanja, chakumapeto kwa mzere. Awiriwo anapatsana moni wa pakamwa basi.

Anaimba m'Chiswahili, ife tinaimba yathu imodzi. Mawu ankangopita pamadzi osabwerera. Mayi wa ku Kenya uja anachotsa nsalu, ndipo abusa anawerenga mayina. Atafika pa dzina la amayi aang'ono anapunthwa, n'kulibwereza. Kanali koyamba kumva dzina lawo lonse likutchulidwa mokweza. Kwathu mwana satchula dzina la mayi wake, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti akunena munthu wina amene sindinamudziwe.

Kenako abusa ananyamula kadengu ka timiyala toyera totoledwa pagombe. Anati aliyense aika kamwala kamodzi patsinde la mwala, moyang'anizana ndi dzina la m'bale wake. Anati ayambe ndi ana a omwalira.

Ana atatu a mayi wa ku Kenya anadzuka, wamng'ono atagwiridwa dzanja. Anadzukanso bambo wina wa ndevu amene anataya amayi ake okalamba, ndi atsikana awiri ofanana nkhope. Ine sindinaganize chilichonse. Ndinangopeza kuti maondo anga aongoka, ndipo mpando sindikuukhudzanso.

Dzanja la amayi linandigwira pamkono. Linali lozizira, ndipo zikhadabo zinalowa kupyola juzi. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana mtsikana wa kamera. Kumanja kwanga malume anapinda miyendo yawo pambali kuti ndidutse.

Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji, osaima, osakhala. M'chikumbutso changa nkhungu inafika mpaka pamipando, ndipo anthu onse anasowa, kunatsala dzanja lokha ndi kanjira kamene malume ananditsegulira. Mwina kanali kanthawi kochepa chabe. Ndinakhala pansi.

Ana aja atabwerera, pansi pa dzina la amayi aang'ono panali udzu wokha. Abusa anaitana abale ena onse. Ndinapita pamzere, amayi patsogolo, malume pakati, ine pambuyo. Kamwala kanga kanali konyowa. Mtsikana wa kamera anandifunsa kuti malemu anali ndani wanga, ndipo amayi anandiyankhira.

Pokwerera basi tinaima atatu, bambo atatsalira kuthandiza kupinda mipando. Malume ankayang'ana kumsewu, manja ali m'matumba, ndipo analankhula ngati akuuza mtengo wa magetsi.

"Kwathu maliro akaikidwa, mawa lake m'mawa timasesa. Ana a malemu sasowa pamenepo. Kuno asesa a khonsolo ndi makina awo."

"Basi yanu ndi iyo, achimwene," anatero amayi.

Mawa lake linali Lamlungu. Ndinadzuka kutangoyera. Amayi anali kubafa akukonzekera tchalitchi, bambo akadagona. Ndinatenga tsache la mpini wautali kuseri kwa firiji, ndi matikiti amene anatsala m'thumba la jekete yanga kuchokera m'chilimwe. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono.

Basi yoyamba inali yopanda anthu. Dalaivala anayang'ana tsache, anayang'ana ine, n'kunena kuti tsiku limene ana kuno amavala ngati mfiti silinafike, ndafulumira. Ndinaseka chifukwa iye anaseka. Ndinakhala kumbuyo, tsache lili pakati pa miyendo.

Kupaki mipando inali itachotsedwa, koma miyendo yake inasiya timaenje paudzu. Usiku kunaomba mphepo, ndipo masamba anakwirira timiyala tonse. Kwathu timasesa phulusa la moto wa pamaliro ndi mapazi a anthu amene anabwera. Apa panalibe phulusa. Ndinayambira patsinde la mwala, ndikusamala kuti timiyala tisasunthe, n'kumapita chozungulira mpaka kukanjira ka simenti. Tsache la m'nyumba silisesa bwino paudzu wonyowa. Ndikamaliza mbali imodzi, mtengo unali utagwetsa ena mbali ina, limodzilimodzi, mosafulumira. Ndinasesanso. Manja anachita dzanzi, kenako anatentha.

Panadutsa bambo wina wachizungu, wokalamba, akuyenda ndi galu wamng'ono. Anaima n'kuwerenga chitsulo chija. Anandifunsa ngati pali amene ndinkamudziwa pamenepo. Ndinaloza dzina ndi mpini wa tsache. Anafunsa kuti anali ndani wanga.

Ndinanena m'Chingerezi, panja, ndi mawu onse. Ndinati anali amayi anga.

Ndinaona maso ake akuyenda pamzere wa pansi pa dzina, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Anandiyang'ananso. Kenako anavula chipewa, anati pepa mwana wanga, anakoka galu wake n'kumapita.

Atangokhota pamitengo, mantha anandigwira. Ndinali wotsimikiza kuti akupita kukaimbira foni apolisi. Ndinaganiza zothawa, koma ndinaona kuti akandisowa pano akapita kunyumba. Choncho ndinakhala pamiyala ya pagombe, tsache pamiyendo, ndikudikira galimoto ya apolisi. Nkhungu inali itayamba kusweka. Kutali kunali sitima yonyamula katundu, ndipo popeza malire a madzi sankaoneka, inali ngati yapachikidwa m'mwamba. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali osaona ngati ikuyenda.

Amene anabwera anali amayi. Anavala diresi la kutchalitchi, chikhoti pamwamba, koma kumapazi kunali nsapato za m'nyumba. Anati atafuna kusesa zinyenyeswa za buledi anapeza tsache palibe, ndipo sanafunikire kufunsa munthu. Anaima pamwala paja akuyang'ana mizere imene tsache linasiya paudzu. Sanandikalipire. Anatsika pamiyala mosamala n'kudzakhala pambali panga.

Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine apolisi asanafike.

"Ndauza munthu."

"Ndani?"

"Bambo wina wa galu."

"Wamuuza chiyani?"

"Kuti ndi amayi anga."

Ndinadikira kuti atchule loya, mapepala, ndege. Sanatchule chilichonse mwa zimenezo. Ankayang'ana sitima ija, manja atawapinda m'kati mwa chikhoti. Kenako anafunsa, motsitsa mawu kwambiri.

"Nanga ine?"

Ndinaganiza kuti akufunsa ngati nawonso ndawaulula, ngati ndawaika m'mavuto. Ndinayankha msanga, ndipo ndikukumbuka kuti ndinadzimva wanzeru.

"Za inu sanafunse. Sindinakutchuleni n'komwe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapukuta mphuno, anati kukuzizira, tiyeni tikapeze mapemphero achiwiri.

Apolisi sanabwere, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Bambo wa galu sindinamuonenso. Ine ndinkaganiza kuti ndawatonthoza amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindinkadziwa kuti dzanja limene linandigwira dzulo lake linkaopa zinthu ziwiri, ndi kuti chachiwiricho sichinali m'manja mwa ofesi iliyonse.

Ndinanyamula tsache paphewa n'kutsogola kupita kokwerera basi. Iwo ankabwera pambuyo, akuponda mosamala paudzu wonyowa.